Sailor Malan: Ngwazi ya nkhondo ya mumlengalenga imene boma la kwawo linaimana ulemu

M'mwezi wa Sepitembala chaka cha 1963, mumzinda wa Kimberley ku South Africa munachitika maliro amene boma la dzikolo linkafuna kuti adutse mwakachetechete. Womwalirayo anali mmodzi mwa oyendetsa ndege zankhondo otchuka kwambiri pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, koma boma linakana kuti aikidwe ndi mwambo wa usilikali, ndipo asilikali a dzikolo analetsedwa kufika pamaliropo atavala yunifolomu. Amene anatumiza nthumwi kudzapereka ulemu anali magulu ankhondo a mumlengalenga a maiko ena: Britain, United States ndi Rhodesia.

Munthuyo anali Adolph Gysbert Malan, amene dziko linkamudziwa ndi dzina loti Sailor Malan. Anateteza Britain pamene ndege za Germany zinkaponya mabomba usana ndi usiku, natsogolera oyendetsa ndege a ku France tsiku limene nkhondo yomasula dziko lawo inayambika. Atabwerera kwawo anayamba kulimbana ndi boma la tsankho, ndipo nkhondo imeneyo ndiyo inamukanika.

Kuchoka panyanja kupita mumlengalenga

Malan anabadwa m'chaka cha 1910 ku Wellington, tauni ya alimi m'chigawo cha Cape. Makolo ake a kuchimuna anachokera mwa anthu otchedwa Huguenot, Akhristu a Chipulotesitanti amene anathawa chizunzo ku France kumapeto kwa zaka za m'ma 1600 n'kudzakhazikika kumwera kwa Africa. Mnyamatayo anakulira pafamu, kumene anaphunzira kugwira mfuti ndi kuchalira chinthu chikuuluka.

Ali ndi zaka pafupifupi 14 analowa sukulu ya amalinyero imene inkachitikira m'sitima ya General Botha ku Simon's Town. Atamaliza anagwira ntchito m'sitima za kampani ya Union-Castle kwa zaka zingapo. Chuma cha padziko lonse chitagwa m'zaka za m'ma 1930, ntchito ya panyanja inayamba kusadalirika. Nthawi yomweyo Britain inali kukulitsa gulu lake lankhondo la mumlengalenga, Royal Air Force, chifukwa cha mantha ndi zimene Adolf Hitler ankachita ku Germany. Malan analembetsa, nayamba kuphunzira kuyendetsa ndege kumayambiriro kwa 1936. Anali ndi zaka 25, wamkulu poyerekeza ndi anzake ambiri, ndipo anzakewo anamupatsa dzina loti Sailor, kutanthauza mmalinyero.

Mu Disembala 1936 anamutumiza ku gulu la ndege la 74 Squadron ku Hornchurch, kum'mawa kwa London. Mu Febuluwale 1939 gululi linalandira ndege zatsopano za Spitfire, zonyamula munthu mmodzi ndi mfuti zisanu ndi zitatu m'mapiko.

Banga limene silinachoke

Nkhondo ya Malan inayamba ndi tsoka. Pa 6 Sepitembala 1939, patangodutsa masiku atatu Britain italengeza nkhondo, chisokonezo pa makina a radar chinachititsa akuluakulu kukhulupirira kuti adani akubwera. Ndege za Britain zinanyamuka m'mabwalo osiyanasiyana, zina zosadziwa kuti zinzake zili kale m'mwamba. Kagulu kamene Malan ankatsogolera kanakumana ndi ndege za mtundu wa Hurricane za 56 Squadron, ndipo anyamata ake awiri, John Freeborn ndi Paddy Byrne, anaziwombera. Ndege ziwiri zinagwa, ndipo woyendetsa mmodzi, Montague Hulton-Harrop, anafa. M'mwambamo munalibe mdani ndi mmodzi yemwe.

Pa mlandu wa m'bwalo la asilikali, Malan anaperekera umboni kumbali yoimba mlandu anyamata akewo. Iye anati analamuladi kuti aukire, koma atazindikira kuti ndegezo n'zawo zomwe analamulanso kuti aleke. Anyamatawo anati lamulo lachiwirilo sanalimve. Bwalo linawapeza osalakwa. Freeborn anakhala ndi moyo mpaka 2010, ndipo mpaka kumapeto ankanena kuti mtsogoleri wake ananama pofuna kudzipulumutsa. Ngakhale zinali choncho, awiriwa anapitiriza kuuluka m'gulu limodzi m'miyezi yoopsa imene inatsatira, wina akudalira mnzake pa moyo wake.

Chaka cha 1940

Mu Meyi 1940 asilikali a Germany anasesa Netherlands, Belgium ndi kumpoto kwa France m'masabata ochepa chabe. Asilikali a Britain ndi a France anapanikizidwira pa doko la Dunkirk, ndipo pakati pa 26 Meyi ndi 4 Juni anthu pafupifupi 338,000 anaolotsedwa kupita ku England. M'mwamba mwa gombe limenelo ndimo Malan anakumana ndi adani enieni kwa nthawi yoyamba. Anagwetsa ndege zingapo, napatsidwa mendulo ya Distinguished Flying Cross. Masabata angapo pambuyo pake, usiku wina kuli mwezi, ananyamuka yekha pa Spitfire, ndege imene sinapangidwire nkhondo ya usiku, n'kugwetsa ndege ziwiri zoponya mabomba za mtundu wa Heinkel 111.

Paris inagwa pa 14 Juni, ndipo pa 22 Juni boma la France linasaina pangano logonja. Kuti Hitler aolotse asilikali ake kupita ku England, ankafunika kuyamba waphwanya Royal Air Force. Kulimbana kumene kunatsatira, kuyambira pa 10 Julayi mpaka pa 31 Okutobala, ndiko kumatchedwa Battle of Britain. Amuna pafupifupi 3,000 anauluka kumbali ya Britain, ena ochokera ku Poland, Czechoslovakia, New Zealand, Canada ndi South Africa, ndipo 544 mwa iwo anafera pomwepo. Pa 8 Ogasiti Malan anapatsidwa utsogoleri wa 74 Squadron yonse.

Chimene chinamusiyanitsa ndi anzake n'chakuti anasintha kamenyedwe ka nkhondo. Nkhondo isanayambe, oyendetsa ndege a Britain ankaphunzitsidwa kuuluka atatuatatu moyandikana kwambiri, mtsogoleri patsogolo, awiri m'mbali mwake. Pa zionetsero zinkakongola, koma pa nkhondo zinkaphetsa anthu, pakuti awiri a m'mbaliwo ankatanganidwa ndi kuyang'ana mtsogoleri kuopa kugundana, osaona mdani wobwera kumbuyo. Ajeremani anali ataphunzira kale pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku Spain kuuluka awiriawiri motalikirana. Malan anagawa ndege zake 12 m'timagulu titatu ta ndege zinayizinayi, kuti nkhondo ikabuka kagulu kalikonse kagawikane awiriawiri, wina akuwombera, mnzake akumulondera kumbuyo.

Anasinthanso kachalidwe ka mfuti. Malamulo ankati zipolopolo za m'mapiko onse awiri zizikumana pa mtunda wa mamita pafupifupi 365. Iye anali mmodzi mwa amene anaufupikitsa kufika pa mamita pafupifupi 230. Spitfire inkanyamula zipolopolo zongokwanira masekondi 15 kapena kupitirirako pang'ono, choncho wowombera ali patali ankangomwaza zipolopolo n'kutsala chimanjamanja. Kuona maso a nkhono n'kudekha: woyendetsa ndege ankayenera kuugwira mtima mpaka mdani atadzaza m'maso mwake.

Zimene anaphunzirazo anazilemba m'malamulo khumi amene pambuyo pake anapachikidwa m'makoma a mabwalo ambiri a ndege. Ankalangiza kuwombera pang'onopang'ono kwa sekondi imodzi kapena awiri, kukwera pamwamba kuposa mdani, kutembenukira woukirayo m'malo momupatsa msana, kusauluka mowongoka kwa masekondi opitirira 30 pamalo a nkhondo, ndi kusiya anzako ena pamwamba kuti alondere pamene ena akutsikira mdani. Ankatinso kuli bwino kusankha chochita msanga, ngakhale chisakhale chabwino koposa, kusiyana ndi kuzengereza. Amene anagwira naye ntchito ankamufotokoza ngati munthu wosalankhulalankhula, wouma pa mwambo, wosachedwa kuchotsa m'gulu aliyense amene ankaika anzake pangozi.

Kuoloka nyanja

Germany italephera kuphwanya Royal Air Force, zinthu zinatembenuka. Mu 1941 ndege za Britain ndizo zinayamba kuoloka nyanja kukaputa adani m'mwamba mwa France. Mu Malichi chaka chimenecho Malan anaikidwa kukhala mtsogoleri wa magulu onse ouluka kuchokera ku Biggin Hill, bwalo la ndege la kumwera chakum'mawa kwa London. Ntchitoyi inali yowawa. Tsopano mwayi unali kwa Ajeremani, amene ankasankha okha nthawi yomenyana, ndipo woyendetsa ndege wa Britain akadumpha ndi parachuti ankagwera m'manja mwa adani. Britain inataya ndege ndi anthu ambiri kuposa Germany m'miyezi imeneyo. Ngakhale Douglas Bader, mtsogoleri wotchuka amene ankauluka ndi miyendo yochita kupanga, anagwidwa mu Ogasiti.

Mwezi womwewo Malan anapumitsidwa, atatopa ndi nkhondo ya miyezi yoposa khumi ndi iwiri. Kaundula ankasonyeza kuti anagwetsa ndege 27 payekha ndi zina 7 mothandizana ndi anzake, ndipo pa nthawiyo panalibe womuposa mwa oteteza Britain. Anatumizidwa ku United States kukaphunzitsa, kenaka anayang'anira sukulu ya owombera ali m'ndege ku Sutton Bridge. Nkhondo sinalambalale banja lake: mng'ono wake, amenenso ankayendetsa Spitfire, anafera ku Tunisia mu 1943.

Mu Januwale 1943 anabwerera ku Biggin Hill monga mkulu wa bwalo lonse. Kumeneko anayamba kugwira ntchito ndi oyendetsa ndege a ku France amene anakana kugonja n'kutsatira Charles de Gaulle ku London. Anthu amenewa anali pa mavuto apadera. Boma la Vichy, limene linkagwirizana ndi Germany, linkawayesa othawa usilikali, ndipo ambiri ankagwiritsa ntchito maina ongopeka kuopa kuti abale awo angazunzidwe kwawo. Tsiku ndi tsiku ankauluka pamwamba pa midzi yawo osatha kuterapo. Mmodzi mwa iwo anali René Mouchotte, mtsogoleri wa gulu la Alsace, amene pa 15 Meyi 1943 anagawana ndi Jack Charles wa ku Canada ulemu wogwetsa ndege imene inawerengedwa kukhala ya nambala 1,000 ya chigawo cha Biggin Hill. Mouchotte anaphedwa mu Ogasiti chaka chomwecho, kutatsala chaka kuti Paris imasulidwe.

Mu 1944 Malan anapatsidwa utsogoleri wa 145 Wing, imene inasonkhanitsa magulu a ndege a Afalansa okana kugonjawo. Pa 6 Juni, asilikali pafupifupi 156,000 a maiko ogwirizana anatsikira ku Normandy, ndege zoposa 11,000 zikuwathandiza. Ntchito ya anyamata a Malan inali kulondera magombe ndi kuperekeza ndege zopanda injini zonyamula asilikali, zimene zinkakokedwa ndi zinzake. Iye mwini anauluka nawo tsiku limenelo, ngakhale kuti udindo wake unkamulola kutsala pansi. Ndege za Germany zinaoneka zochepa kwambiri, chifukwa mphamvu zawo zinali zitadyeka kale ndi zaka za kulimbana. Kumasulidwa kwa France kunatheka chifukwa mlengalenga munali mutalandidwa asilikali asanaponde pamchenga. Motero mdzukulu wa anthu amene anathawa ku France zaka zoposa 250 m'mbuyomo anaperekeza othawa ena pa ulendo wobwerera kwawo. Mu Julayi anasamutsidwira ku ntchito yophunzitsa, ndipo Paris inamasulidwa pa 25 Ogasiti. France inamupatsa mendulo za Croix de Guerre ndi Légion d'honneur.

Nkhondo ya miuni

Malan anatula pansi udindo wake mu 1946 n'kubwerera ku South Africa. Anagwira ntchito ngati mlembi wa Harry Oppenheimer, wa kampani ya migodi ya Anglo American, kenaka anayamba kuweta nkhosa pafupi ndi Kimberley. Dziko limene anabwererako linali logawikana chifukwa cha nkhondo yomweyo. Azungu ambiri olankhula Afrikaans sankafuna kuti South Africa imenyere Britain, ndipo ena ankakondera Germany poyera. Pa chisankho cha 1948 chipani cha National Party chinagonjetsa Jan Smuts, ngakhale kuti chinapeza mavoti ochepa kuposa otsutsana nacho. Nduna yaikulu yatsopano inali Dr. D. F. Malan, wa mbumba yomweyo ya a Malan koma wachibale chakutali, ndipo boma lake ndilo linayamba kukhazikitsa malamulo a apartheid.

Mu 1951 bomalo linabweretsa lamulo lochotsa makaladi a m'chigawo cha Cape m'kaundula wa ovota amene ankalembedwamo pamodzi ndi azungu. Malamulo aakulu a dzikolo ankati ufulu umenewu sungachotsedwe popanda chivomerezo cha magawo awiri mwa atatu a aphungu a nyumba zonse ziwiri atakhala pamodzi. Boma linalibe chiwerengero chimenecho, choncho linangodutsitsa lamulolo mwa njira ya masiku onse. Asilikali akale ambiri anaona ngati akuonanso zimene anakamenyana nazo ku Ulaya. Anakhazikitsa gulu lotchedwa Torch Commando, nasankha Sailor Malan kukhala pulezidenti wake.

Dzinali linachokera ku miuni imene ankanyamula poguba usiku. Mu Meyi 1951 anthu zikwizikwi anaguba nayo ku Johannesburg, ndipo kumapeto kwa mweziwo magalimoto ochokera m'zigawo zonse anasonkhana ku Cape Town, kumene chionetsero chinathera m'kumenyana ndi apolisi. Pofika 1952 gululi linkati lili ndi mamembala 250,000. Boma linachita mantha, naletsa ogwira ntchito m'boma ndi asilikali kulowamo, ndipo manyuzipepala olikonda ankamunyoza Malan ngati munthu wogulitsa mtundu wake kwa Angelezi. Mu Malichi 1952 bwalo lalikulu la apilo linagamula kuti lamulo lija n'losavomerezeka.

Kupambanako sikunakhalitse, ndipo chofooka chinali m'kati mwa gulu lenilenilo. Torch Commando inkamenyera voti ya makaladi, koma inalephera kugwirizana ngati makaladi amene anamenya nawo nkhondo angakhale mamembala. Atsogoleri ankaopa kutaya mavoti a azungu, ndipo m'zochitika gululi linakhala la azungu. Za anthu akuda, amene anachotsedwa m'kaundula wa ku Cape kale mu 1936, silinanene zambiri. Amuna akuda zikwi makumi angapo anatumikira pa nkhondoyo m'gulu la Native Military Corps, koma sankaloledwa kunyamula mfuti, ndipo ena ankalondera misasa ndi mikondo. Pamene African National Congress ndi South African Indian Congress zinayamba kampeni yonyozera malamulo a tsankho mu Juni 1952, onyamula miuni anaima patali.

Nkhani ya asilikali omasula maiko a eni n'kubwerera kwawo kopanda ufulu si yachilendo kwa Amalawi. Asilikali a ku Nyasaland a King's African Rifles anamenya nkhondo ku Ethiopia, Madagascar ndi Burma, koma atabwerera anapeza kuti m'nyumba ya malamulo ku Zomba munalibe Mwafirika ndi mmodzi yemwe, mpaka 1949 pamene oyamba anachita kusankhidwa ndi bwanamkubwa. Kusiyana kwake n'kwakuti Malan anali ndi voti, dzina ndi khungu lomuteteza. Akanatha kukhala chete pafamu yake n'kumalandira ulemu wa mbali zonse, koma sanatero.

Pa chisankho cha 1953 Torch Commando inagwirizana ndi zipani za United Party ndi Labour Party. National Party inapambananso, mipando yake n'kuchuluka kuposa kale, ndipo gulu la miuni linabalalika. Mu 1955 boma linakulitsa nyumba ya Senate n'kudzazamo anthu ake kuti likwanitse magawo awiri mwa atatu aja, ndipo mu 1956 makaladi anachotsedwa m'kaundula.

Zaka zotsiriza

Malan anabwerera ku nkhosa zake. Posakhalitsa anagwidwa ndi matenda a Parkinson, amene amanjenjemeretsa thupi ndi kulanda munthu mphamvu pang'onopang'ono. Anamwalira ku Kimberley pa 17 Sepitembala 1963. Nduna yaikulu pa nthawiyo inali Hendrik Verwoerd, ndipo nduna ya zachilungamo inali John Vorster, amene pa nthawi ya nkhondo anatsekeredwa kumsasa wa Koffiefontein chifukwa chokhala mtsogoleri m'gulu lokondera Germany la Ossewabrandwag. Amenewa ndiwo anali olamula pamene bokosi la Malan linkatuluka m'tchalitchi cha St Cyprian's.

Boma la apartheid linalibe chifukwa chomukumbukira, ndipo boma limene linabwera mu 1994 linali ndi ngwazi zake, zimene zinalipira mtengo waukulu kuposa iye. Ku Britain amamukumbukira chifukwa cha Spitfire ndi malamulo ake khumi, koma za miuni ya 1951 sizitchulidwa kawirikawiri. Omuyamikira amati anazindikira msanga kumene tsankho linkapita, pa nthawi imene azungu ambiri ankayang'ana kumbali. Omudzudzula amati gulu lake linkateteza malamulo a dziko limene linali kale losalungama, ndipo linaopa kugwirana manja ndi anthu amene linkati likuwamenyera. Mbali zonse ziwiri zikunena zoona za munthu yemweyo.

Manda ake ali ku West End Cemetery mumzinda wa Kimberley. M'manda omwewo munaikidwa Sol Plaatje, mlembi wamkulu woyamba wa chipani chimene chinadzakhala African National Congress, amene anamwalira mu 1932 asanaone ufulu umene ankaumenyera.